Kukopera chithunzi si kubera, anzanga

Anzanga aphunzitsi, ndi inu ana anga akale amene munadutsa m'manja mwanga n'kubalalikira ku Lilongwe, ku Mzuzu, ku Joni ndi kwina konseko: Lero mundikhululukire chifukwa ndalemba ndili wopsa mtima. Ndayesa kuugwira mtimawu kwa milungu iwiri koma wakana. Nkhani yake ndi ya chithunzi chimodzi, mwana mmodzi, ndi mawu awiri amene ananenedwa pagulu ndi mphunzitsi mnzathu: "Izi n'zobera."

Ndiyambe poyambira. Ambiri a inu mukudziwa kuti ine ntchito imene ndimalandirira malipiro ndi yophunzitsa Geography, koma Lachitatu lililonse masana, ena akathamangira ku mpira ndi ku kwaya, ine ndimatsala ndi kagulu ka ana okonda kujambula. Kwa zaka zambiri zida zathu zinali pensulo, makala a pamoto ndi penti ya madzi ya ana a ku pulayimale ija. Chaka chatha mmodzi wa inu amene ali ku Johannesburg anatikumbukira, anatitumizira kabokosi ka machubu a penti ya mafuta, maburashi asanu ndi limodzi ndi kabotolo ka mafuta a linseed. Mwana wanga, kumene uliko, Mulungu awonjezere pamene unachotsapo.

Vuto linali loti penti ya mafuta si nsima yoti aliyense anaonerapo mayi ake akuphika. Ana anga atangoigwira tsiku loyamba, zimene zinatuluka zinali matope enieni. Thambo linali matope, mitengo matope, nkhope za anthu matope. Theka la chubu cha penti yoyera linatha masana amodzi. Ndinagona ndikuganiza, ndipo m'mawa mwake ndinasankha njira imene ojambula akhala akuphunzirira kwa zaka mazanamazana: kutenga chithunzi cha katswiri n'kuchijambulanso, mzere ndi mzere, mtundu ndi mtundu.

Chithunzi chimene ndinasankha ndi cha Mjeremani wina dzina lake Caspar David Friedrich, chimene anachijambula cha m'ma 1818. M'Chijeremani amachitcha Der Wanderer über dem Nebelmeer, kutanthauza wapaulendo amene waima pamwamba pa nyanja ya nkhungu. Ambiri munachionapo pachikuto cha buku kapena pa intaneti ngakhale simunadziwe mwini wake. Mwamuna wavala jekete lalitali lobiriwira moderako, wagwira ndodo kudzanja lamanja, waima pathanthwe lakuda, watifulatira. Kutsogolo kwake nkhungu yadzaza chigwa chonse, nsonga za miyala ndi mapiri zikungosuzumira apo ndi apo, mpaka kutali kumene phiri ndi thambo sizikusiyananso. Chithunzi chenichenicho chili mumzinda wa Hamburg, m'nyumba yosungira zojambula yotchedwa Kunsthalle, kumene chakhala kuyambira 1970. Msinkhu wake ndi pafupifupi masentimita 95, m'lifupi 75.

Kajambulidwe kameneka azungu amakatcha Romantic. Apa ndichenjeze, chifukwa mnzathu wina mu stafu atamva mawuwa anandikokera pambali n'kundifunsa ngati ndikuphunzitsa ana kujambula za zibwenzi. Ayi ndithu. Anali maganizo amene anafala ku Ulaya chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1800, pamene alakatuli, oimba ndi ojambula anatopa ndi kumva kuti chilichonse chingathe kuyezedwa ndi kuwerengedwa. Iwo anatembenukira ku mapiri, nyanja, mphepo ndi usiku, n'kumasonyeza munthu ali wamng'ono pamaso pa chilengedwe, ali ndi mantha ndi chimwemwe nthawi imodzi. Aliyense amene anakwerapo Mulanje m'nyengo ya chiperoni, n'kuona mitambo ili kunsi kwa mapazi ake, safunika mtanthauzira mawu kuti amve zimenezi. N'chifukwa chake ndinasankha chithunzichi. Ana anga nkhungu amaidziwa, amabwera nayo kusukulu m'mawa uliwonse wa June ndi July.

Tinagwira ntchitoyi milungu isanu ndi itatu. Mtsikana wina wa Fomu 3, wofatsa, wa mbali ya kuphiri, anaposa anzake onse. Litafika tsiku la chionetsero cha masukulu a m'dera lathu, tinapita nacho chithunzi chake. Pansi pake tinamata kapepala kolembedwa moonekera bwino kuti ndi chokopera kwa Caspar David Friedrich, ntchito yophunzirira. Mmodzi wa oweruza, mphunzitsi ngati ine ndi inu, anaima, anachiyang'ana, anawerenga kapepalako, kenaka ananena mawu aja mokweza, ana a masukulu ena akumva. Analamula kuti chichotsedwe pakhoma. Mwana uja anachinyamula yekha n'kukachibisa kuseri kwa desiki. Pobwerera anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Aphunzitsi, kodi ndalakwa?" Lachitatu lotsatira sanabwere.

Dzina la woweruzayo sindilitchula, ndipo musandifunse. Iye si amene wandilembetsa zonsezi. Chimene chandipweteka n'choti nditafotokoza nkhaniyi mu stafu, anzanga angapo amene ndimawalemekeza anagwirizana naye. Tsono tiyeni tikambirane poyera. Milandu imene mwandiimba ndi inayi, ndiyankha umodziumodzi.

Mlandu woyamba mukuti kukopera ndi kubera. Ife aphunzitsi mawu oti kukopera amatinyansa chifukwa timawamva m'chipinda cha mayeso, ndipo kumeneko n'zoona, woonera mnzake ndi wakuba. Koma n'chiyani chimene chimapangitsa kuonera mayeso kukhala kuba? Ndi bodza. Mwana akunamiza woyesa kuti nzeru za mnzake ndi zake. Chotsani bodzalo, kuba kwatha. Mwana wanga sananamize munthu. Analemba dzina la mwini chithunzi ndi dzanja lake. Wakuba wanji amene amasiya kalata yonena kumene watenga katundu?

Wakuba weniweni pa nkhani ya zojambula alipo, ndipo mbiri imamudziwa. Han van Meegeren wa ku Netherlands ankajambula zithunzi n'kumanama kuti ndi za Vermeer, katswiri amene anali atamwalira kalekale, mpaka chimodzi chinagulidwa ndi Hermann Göring, mmodzi wa akuluakulu a Hitler. Khoti linamupeza wolakwa mu 1947. Ameneyo ndiye wobera. Tsono yerekezani ndi zimene zimachitika ku Louvre, nyumba yotchuka ya zojambula ya ku Paris. Kuyambira pamene inatsegulidwa mu 1793, yakhala ikulola ophunzira kulowa ndi zida zawo, kukhala patsogolo pa chithunzi cha katswiri n'kumachikopera anthu akuona. Lamulo lake n'loti chokoperacho chisafanane kukula ndi chenichenicho ndipo usasayinepo dzina la mwiniwake ngati kuti wajambula ndi iye. Kodi akuluakulu a ku Louvre akhala akusunga mbava kwa zaka zoposa 200 osazindikira, mpaka woweruza wa kwathu kuno ndiye wadzazitulukira?

Mlandu wachiwiri ndi umene umamveka wanzeru kwambiri. Mukuti kukopera kumapha luso la mwana, musiyeni mwana ajambule za mumtima mwake. Mawu okoma zedi, chikomekome cha mkuyu. Ndikufunseni anzanga, inu amene mumaphunzitsa Chichewa ndi Chingerezi, kodi mumam'patsa mwana wa Fomu 1 pepala n'kumuuza kuti alembe ndakatulo ya mumtima mwake asanawerengepo ndakatulo ngakhale imodzi? Inu a kwaya, mwana amayamba ndi kupeka nyimbo kapena amayamba ndi kutsatira mawu a mnzake wa pambali? Telala amene anakusokerani suti ya ukwati anayamba n'kupeka sitayilo yake, kapena anayamba n'kusula malaya akale kuti aone m'mene anawadulira? Woimba ng'oma pa gule anaphunzira poyang'ana manja a wamkulu. Ife tomwe, tsiku lililonse, timadzaza bolodi ndi manotsi n'kuuza ana makumi asanu ndi atatu kuti akopere, ndipo wosakopera timamupatsa chibalo chotchetcha udzu. Lero kukopera kwaipa chifukwa kwafika pa burashi?

Mtima wa mwana ukhoza kudzaza ndi zinthu, koma ngati dzanja silidziwa njira, zinthuzo zimafera momwemo. Ndinaona ndi maso anga tsiku loyamba lija. Ana onse anali ndi za mumtima, ndipo zonse zinatuluka matope. Mphunzitsi amene amangoti "jambulani chilichonse chimene mukufuna" n'kukakhala pansi pa mtengo, asadzitche womasula ana. Wathawa ntchito basi.

Taonani amene anakoperapo. Rubens, ali kale katswiri wotchuka, atapita ku Madrid mu 1628 anakhala miyezi akukopera zithunzi za Titian. Manet ndi Degas ali anyamata ankakopera ku Louvre. Vincent van Gogh, amene palibe angamunene kuti analibe luso lakelake, ali m'chipatala cha odwala maganizo ku Saint-Rémy mu 1889 ndi 1890 anajambulanso zithunzi pafupifupi 20 za Millet, za alimi akufesa, akukolola, akupumula. Anali ndi mapepala osindikizidwa akuda ndi oyera okha, mitundu ankaikamo yekha. Picasso mu 1957, ali ndi zaka 75, anadzitsekera m'nyumba n'kujambula zithunzi zoposa 40 zochokera pa chithunzi chimodzi cha Velázquez chotchedwa Las Meninas. Ndipo Friedrich mwiniwakeyo, amene anabadwira ku Greifswald mu 1774, atapita kukaphunzira ku Copenhagen kuyambira 1794 mpaka 1798, anayambira pa kukopera zojambula za ena ndi ziboliboli zakale. Penti ya mafuta anayamba kuigwiritsa ntchito kwenikweni atapitirira zaka 30. Ngati kukopera kumapha luso, anthu amenewa luso lawo linapulumuka bwanji?

Ndikuuzeni zimene mwana uja anaphunzira m'milungu isanu ndi itatu ija, muweruze nokha ngati kumeneku n'kufa kwa luso.

Mlungu woyamba sitinagwire penti ya m'machubu n'komwe. Kanvasi ndi yodula, choncho tinadula hardboard, pafupifupi theka la kukula kwa chithunzi chenicheni, tinaipaka penti yoyera yoyambira katatu, tikukwecha ndi sandipepa pakati. Mwana anaphunzira kuti thabwa losakonzedwa limamwa mafuta onse n'kusiya penti itafota. Kenaka tinalemba timabokosi pa pepala losindikizidwa lija ndi timabokosi tokulirapo pa thabwa, n'kusamutsa mizere bokosi ndi bokosi. Aphunzitsi a masamu, imeneyi si ratio ndi enlargement zimene mumadandaula kuti ana sazimva? Pojambula mizereyo ndi pamene mtsikana uja anatulukira yekha chinthu chimene ine ndinali ndisanamuuze, kuti zitunda ziwiri za kutali, china kumanzere china kumanja, zimatsetsereka n'kudzakumana pachifuwa pa munthu uja. Anakuwa kuti, "Aphunzitsi, mapiriwa akuloza pamtima pake!" Ukangochiyang'ana chithunzi sungazione zimenezo. Umaziona ukachimanganso ndi dzanja lako.

Kenaka tinapaka thabwa lonse bulauni wopyapyala wosungunula ndi turpentine, n'kugawa chithunzi chonse m'magawo atatu okha: pakuda, potuwa ndi powala. Apa ndi pamene pagona chinsinsi cha chithunzi chilichonse. Mitundu ikhoza kuphonyeka pang'ono chithunzi n'kuimabe, koma ukasokoneza kuwala ndi mdima chagwa. Thanthwe ndi munthu ndiye zakuda kuposa zonse, ndipo chilichonse chikamapita kutali chimanka chiwala, chimatuwa, chimalowera ku buluu, m'mphepete mwake mukufewa. Ndinawatulutsa panja kuti ayang'ane phiri lathu. Mitengo ya pafupi yobiriwira kwambiri, chitunda chotsatira chotuwirako, chakutali chabuluu. Akhala akuliona phirilo chibadwire, koma tsiku limenelo ndi pamene analiona koyamba. Mpweya umene uli pakati pa diso ndi phiri, ndi fumbi ndi chinyezi chake, ndi umene umasintha mtundu. Leonardo da Vinci analemba za zimenezi zaka zoposa 500 zapitazo, ndipo ine ndakhala ndikuvutika kuzifotokoza ndi choko kwa zaka zambiri.

Nkhungu ndiyo inawaliza. Aliyense anathamangira penti yoyera, ndipo zinatuluka ngati thonje lomata pa bolodi. Atayang'anitsitsa anapeza kuti nkhungu ya Friedrich si yoyera. Muli kutuwa, muli kabuluu, muli kachikasu, ndipo poyera penipeni ndi pochepa kwambiri. Anaphunzira kudikira kuti za pansi ziume, kenaka kutenga penti yochepetsetsa pa burashi youma n'kumakwecha mopepuka kuti mwala uzionekerabe kuseri kwake. Anaphunzira lamulo lakale loti penti ya pansi ikhale ya mafuta ochepa, ya pamwamba ya mafuta ochulukirapo, chifukwa ukatembenuza, ya pamwamba imauma msanga ya pansi ikadali kuyenda, chithunzi n'kung'aluka. Anaphunzira kuti penti ya mafuta siuma ngati chovala pa chingwe. Mafuta a linseed amakoka oxygen ya mumpweya n'kulimba pang'onopang'ono, n'chifukwa chake pamatenga masiku kuti ukhudze ndi miyezi kuti iumiretu. Mnyamata wina anaganiza zochenjera, anasakaniza penti yake ndi mafuta ophikira a mtedza. Thabwa lake mpaka lero likadanata. Anaphunziranso kuti sanza zonyowa ndi linseed suziunjika pakona, chifukwa kulimba komweko kumatulutsa kutentha ndipo zikhoza kuyaka zokha. Aphunzitsi a Chemistry, ndakugwirirani ntchito ulere.

Zonsezi tinachita ndi mitundu isanu yokha: yoyera, yakuda, buluu, chikasu chonga dothi ndi bulauni. Pamwamba pa zonse anaphunzira kudekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwana wa masiku ano amene foni imam'pangira chithunzi chilichonse asanamalize n'kuphethira komwe, kum'khazika pa thabwa limodzi milungu isanu ndi itatu ndi maphunziro pa okha.

Mlandu wachitatu ndi umene unanenedwa mwaukali. Mukuti n'zachitsamunda, bwanji ana a Chimalawi akujambula mzungu wa jekete ataima paphiri la kwawo. Mlanduwu sindiupeputsa, chifukwa muli choonadi mkati mwake. Tinaphunzitsidwa nthawi yaitali kuti chabwino chilichonse chimachokera kunja, ndipo bala limenelo silinapole. Ndivomerezanso kuti chithunzichi chili ndi mbiri yosakoma. Friedrich anamwalira ali wosauka ndi woiwalika ku Dresden mu 1840, anthu anadzamukumbukiranso pa chionetsero cha ku Berlin mu 1906, ndipo m'zaka za m'ma 1930 a chipani cha Nazi anamutenga n'kumugwiritsa ntchito pokweza mtundu wawo, iye ali m'manda kalekale. Ena amati munthu woima pathanthweyo akuoneka ngati mwini dziko amene akuyang'ana chuma chake. Zonsezi ndinakambirana ndi ana, sindinabise. Mnyamata wina amene malume ake amanyamulira alendo katundu paphiri la Mulanje anafunsa funso limene sindidzaliiwala: "Aphunzitsi, bamboyu wafika pamwamba jekete lili loyera bwino, alibe ndi chikwama chomwe. Amene wamunyamulira katundu ali kuti?" Tinaseka, koma funso limenelo ndi la munthu amene maso ake atseguka. Mwana amene mwam'bisira chithunzi sangachifunse funso.

Koma tsono tiyeni tinene zonse. Pamene Friedrich ankamwalira, Livingstone anali asanaione nyanja yathu, anafika mu 1859, ndipo ulamuliro wa Angerezi unadzakhazikitsidwa mu 1891. Munthuyu sanapiteko ngakhale ku Italy kumene ojambula anzake ambiri ankathamangira. Chimene ndikufuna kwa iye si jekete lake, ndi nzeru ya m'mene amaikira nkhungu pa thabwa. Penti ya mafuta monga tikuidziwa inakulira ku Ulaya, monga m'mene gitala ndi mpira wa miyendo zinabwerera kuchokera kunja. Palibe amene amati oimba athu ndi atsamunda chifukwa agwira gitala. Anaitenga, anaphunzira poyimba nyimbo za eni ake, kenaka anaiyankhulitsa Chichewa.

Ndipo taonani m'mene eni akewo amachitira. Van Gogh mu 1887 anakopera zithunzi za Hiroshige wa ku Japan. Picasso mu 1907 anakaona zigoba ndi ziboliboli za ku Africa m'nyumba ina yosungira zinthu ku Paris, zinamusintha kajambulidwe, dziko lonse n'kumuombera m'manja. Iwo akatenga kwa ife ndi akatswiri, ife tikatenga kwa iwo ndife akapolo kapena akuba? Ameneyo ndiye maganizo achitsamunda enieni, oti mwana wa ku Africa ali ndi malire a zimene ayenera kuphunzira. Kehinde Wiley, Mmerika amene bambo ake ndi a ku Nigeria, yemwe anajambula chithunzi cha Barack Obama chimene chinaonetsedwa mu 2018, anatenga chithunzi chomwechi cha Friedrich n'kuimikapo munthu wakuda pathanthwe paja, ndipo chinaonetsedwa ku National Gallery ku London mu 2021. Kuti uyankhe munthu uyenera kuyamba wamva chimene wanena.

Musaganize kuti ndikunyoza zathu. Ku Chongoni, ku Dedza, kuli malo 127 a zojambula za pamiyala amene UNESCO inawazindikira mu 2006. Amene munapitako munaona kuti zizindikiro zomwezo zimabwerezedwa phanga ndi phanga. Makolo athu sankauza mwana kuti jambula za mumtima mwako, ankamuonetsa. Ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa KuNgoni mu 1976, osema akhala akuphunzira atakhala pambali pa odziwa, kuyang'ana ndi kutsanzira. Kuphunzira potsanzira si chizungu. Ndi m'mene ife takhala tikuphunzirira chilichonse, kuyambira kuluka mphasa mpaka kuumba mbiya.

Mlandu wachinayi mukuti n'kutaya nthawi ndi ndalama, popeza ana amenewa akuyembekezera mayeso a Fomu 4. Za ndalama ndayankha kale, sukulu sinatulutsepo ngakhale tambala. Za nthawi, ndi maola awiri pa mlungu, nthawi yomwe ena ali ku mpira, ndipo sindinamvepo wina akunena kuti mpira uthe chifukwa sulembedwa pa mayeso. Koma ndifunse mozama. Tonse tikudziwa ana amene anakhoza bwino ali pakhomo, satifiketi ili m'sutikesi. Tikudziwanso amene akudya lero chifukwa cha dzanja, olemba zikwangwani, ojambula mabuku, opanga zotsatsa malonda pa kompyuta. Sindikulonjeza kuti mwana aliyense wa m'kagulu kanga adzalemera ndi burashi, likhoza kukhala bodza. Ndikungoti sukulu imene imatuma mwana kudziko ali ndi luso limodzi lokha, lokhoza mayeso, yam'patsa khasu lopanda mpini.

Pali zina zimene otsutsa akanatha kunena ndipo ndikanavomera. Kukopera kuli ndi ngozi zake. Mwana akhoza kuzolowera n'kukhala wokopera moyo wake wonse, ngati munthu amene wakana kusiya ndodo mwendo utapola. Tonse taona m'misika ya alendo chithunzi chimodzimodzi cha mayi wosenza mtsuko dzuwa likulowa, chobwerezedwa kambirimbiri mpaka chinatha moyo. Kukopera ntchito ya wojambula amene ali moyo n'kumagulitsa ndi kuba ndithu, ndipo mwana wanga aliyense amadziwa zimenezo. Ndivomerezanso kuti ife chithunzi chenichenicho sitinachionepo. Tinali ndi pepala losindikizidwa m'tauni ndi kachithunzi ka pafoni, ndipo ziwirizo mitundu yake sinkagwirizana. Ndiponso woweruza akanati chokopera chisapikisane ndi zopeka, chiikidwe pachokha, ndikanamugwira chanza. Zimenezo n'zachilungamo. Koma kuchotsa pakhoma ndi kutcha mwana wakuba pamaso pa anzake, chimenecho ayi.

Friedrich mwiniwakeyo ndi amene amatiphunzitsa potulukira. Malo a m'chithunzi chake kulibe kumene mungakaime n'kuwaona chimodzimodzi. Ankayenda m'mapiri a miyala a kufupi ndi mtsinje wa Elbe, kum'mwera chakum'mawa kwa Dresden, akujambula thanthwe apa, phiri apo, ndi pensulo m'kabuku. Pobwerera kunyumba ankazilumikiza m'chipinda chake n'kupanga dziko limene linali m'mutu mwake. Poyamba diso ndi dzanja, kenaka mtima. Ndiye dongosolo la kagulu kathu ndi lomwelo. Temu yoyamba timakopera. Temu yachiwiri timatuluka ndi pensulo kukajambula miyala yathu ndi mitengo yathu. Temu yachitatu aliyense amajambula munthu wake, wotifulatira, akuyang'ana dziko lake.

Mtsikana uja ndinakam'peza kwawo Loweruka lapitali. Mayi ake anandiyalira mphasa, ndipo titacheza anamuuza kuti, "Kawatengere aphunzitsi chija wabisa." Anatuluka ndi katoni yodula, yojambulidwa ndi makala. Mayi wamanga chitenje, khasu lili paphewa, watifulatira. Kutsogolo kwake kuli phiri, ndipo paphiripo pali mabala aataliatali amene madzi ndi miyala zinasiya pa namondwe wa Freddy mu March 2023, pamene mudzi wawo unaika maliro ambiri. M'munsi mwa phiri muli nkhungu. Zitunda ziwiri zikutsetsereka n'kudzakumana pamsana pa mayiyo. Nzeru ija anaitenga ku Germany, koma chisoni chili pa katoniyo palibe Mjeremani amene akanachijambula. Anandifunsa ngati penti yoyera yatsalako. Ndinamuuza kuti yatsala pang'ono, ndipo ndi yake.

Tsono pempho langa ndi ili. Inu okonza zionetsero, ikani gawo la zokopera, lolembedwa poyera, kuti ana aziphunzira kutchula mwini ntchito m'malo mobisa. Inu amene munanena mawu aja, ngati nkhaniyi yakupezani, mwanayo sakufuna mphotho. Mawu amodzi opepesa akwana, ndipo mphunzitsi sachepa chifukwa chopepesa mwana. Inu anzanga a mu stafu amene mukuti kukopera n'kosavuta, Lachitatu likudzali thabwa lilipo, burashi ilipo, bwerani mudzajambule nkhungu. Ana adzakuthandizani. Ndipo inu ana anga akale, ndalama sindikupempha. Koma wina akamadutsa pa sitolo ya zojambulira kumene muliko, akumbukire kuti kuno yoyera ndi imene imatha msanga.

Ndatha ine mphunzitsi wanu wa Geography, amene zala zake masiku ano zikununkha turpentine.